MBALE LAWRENCE, KHUKHI AMENE ANAPHUNZIRA KUBWEZA MTIMA KWA MULUNGU

 Mwezi uno ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya munthu wina amene anamwalira zaka zoposa 300 zapitazo ku dziko la France. Sanali m'busa kapena wansembe, ndipo sanapite patali ndi sukulu. Anali khukhi, ndipo asanakhale khukhi anali wantchito wa m'nyumba monga ambiri a ife. Amadziwika ndi dzina loti Mbale Lawrence.

Chimene chandichititsa kusankha munthu ameneyu ndi madandaulo amene timauzana tikakumana tsiku la ofu. Wina amati kumudzi ankadzukira mapemphero a m'bandakucha, koma kuno tulo timamupeza ali chiimire. Wina amati akangogwada maganizo amathawira ku lendi, ku mapepala amene akutha, ku fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza imene akuidikira kumudzi, ndipo pomati ameni sadziwa chimene wanena. Ena mwa ife tinasiya ngakhale kudandaula. Tinazolowera. Timabwera ku gulu, timayimba, timasonkha ya maliro, koma kuyambira Lolemba mpaka Loweruka sitilankhula naye Mulungu, ndipo sizitipwetekanso. Ine ndemwe ndinakhalapo wotero, n'chifukwa chake mbiri iyi inandigwira mtima.

MTENGO WOPANDA MASAMBA

Munthu ameneyu anabadwa cha m'ma 1614 m'mudzi wa Hériménil, m'dera la Lorraine, limene lero lili mbali ya kum'mawa kwa France. Dzina lake lobadwa nalo linali Nicolas Herman. Makolo ake anali anthu wamba oopa Mulungu, a mpingo wa Katolika. Iye akadali mwana, m'chaka cha 1618, kunabuka nkhondo yaikulu m'maiko a ku Ulaya imene inatenga zaka 30, mpaka 1648. Nkhondoyi itafika ku Lorraine midzi inaotchedwa, minda inasiyidwa, ndipo njala ndi mliri zinapha anthu ochuluka. Nicolas anakulira m'mavuto amenewa.

Ali ndi zaka 18 kunamuchitikira chinthu chimene sanachiiwale mpaka ukalamba. Inali nyengo yozizira, ndipo kumeneko kukazizira mitengo yambiri imayoyoka masamba onse n'kutsala ngati youma, monga umaonekera mlambe nthawi ya chilimwe kwathu. Mnyamatayo anaima n'kumayang'anitsitsa mtengo umodzi wotere. Anayamba kuganiza kuti pakapita miyezi yochepa mtengo womwewo udzaphukanso masamba, kenaka maluwa, kenaka zipatso. Pomwepo anaona mumtima mwake kukula kwa mphamvu ya Mulungu ndi chisamaliro chake, ndipo chikondi cha pa Mulungu chinayaka mwa iye. Panalibe mlaliki kapena kwaya pamalopo, unali mtengo chabe.

Mwina mukuganiza kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinayenda bwino. Ayi ndithu. Panapita zaka pafupifupi 8 asanadzipereke kwathunthu, ndipo zaka zimenezi anazitha akuyendayenda.

MSILIKALI, WOKHALA YEKHA, WANTCHITO WA M'NYUMBA

Pa zaka zomwezo za unyamata Nicolas analowa usilikali. Nthawi ina anagwidwa ndi asilikali a ku Germany amene ankamuganizira kuti ndi kazitape, ndipo anamuopseza kuti amupachika. Iye anawayankha mosaopa kuti sanali chimene ankamuganiziracho ndipo imfa sinkamuchititsa mantha. Ataona kulimba mtima kwakeko anamumasula. M'chaka cha 1635 asilikali a ku Sweden anathira nkhondo tauni ya Rambervillers, ndipo Nicolas anavulala pomwepo. Anamutengera kwa makolo ake, ndipo usilikali unathera pamenepo.

Ali kunyumba anayamba kuganizira za moyo wake ndi zoipa zimene anaziona ku nkhondo. Mtima unkamuuza kuti adzipereke kwa Mulungu, koma ankangozengereza, lero watsimikiza, mawa wabwerera m'mbuyo. Anayesa kukakhala kwa yekha kutali ndi anthu kuti azingopemphera. Ankaganiza kuti akachoka pa phokoso la dziko maganizo ake adzakhazikika. Koma kumalo a ziii kuja anapeza kuti tsiku lina ali ndi chimwemwe, tsiku lina ali ndi chisoni, ndipo mtima sunakhale malo amodzi. Phokoso anali atalinyamula mkati mwake. Sanakhalitseko.

Kenaka anapita ku mzinda wa Paris n'kulowa ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wamkulu wosunga chuma cha boma, dzina lake de Fieubet. Ntchito yake inali ija makolo athu ankaitcha ya uboyi, kutumidwa, kuperekera zakudya ndi kutsatira bwana poyenda. Patapita zaka zambiri iye mwini ankasimba kuti anali chimunthu chopanda dongosolo m'manja, chimene chinkangoswa zinthu za bwana. Aliyense wa ife amene anagwetsapo kapu ya adona n'kumva mtima ukugunda akudziwa moyo umene mbaleyu anali nawo.

Taonani abale, munthu anakhudzidwa ndi Mulungu ali ndi zaka 18, koma pofika zaka 25 anali asanakhazikike. Tsiku limodzi la moto silinathe kumunyamula moyo wonse. Ambiri a ife tikudyerabe umboni wakale, wa msonkhano wa chitsitsimutso umene unachitika tisanakwere basi yobwera kuno. Umboniwo ndi woona, koma nsima ya dzana sikhutitsa lero.

ZAKA 10 ZA MDIMA

Nicolas anali ndi malume ake amene anali m'chipani cha Akarimeli, gulu la amuna a mpingo wa Katolika amene amasiya banja ndi chuma n'kumakhala pamodzi m'nyumba ya mapemphero. Chipani chimenechi chilipo ngakhale kwathu ku Malawi. Mu June 1640, ali ndi zaka 26, anagogoda pa nyumba yawo ya mu msewu wa Vaugirard mu Paris. Analowa monga bulazala wogwira ntchito za manja, osati wophunzira unsembe. Anapatsidwa dzina latsopano loti Lawrence wa Kuuka kwa Akufa, ndipo pa 14 August 1642 anachita malumbiro ake.

Polowa ankayembekeza kuti kumeneko akalangidwa chifukwa cha kuswa zinthu ndi zolakwa zake, ndipo ankati zimuyenera. Anadabwa kuona kuti Mulungu anamulandira mokoma mtima. Komabe zaka 10 zoyambirira zinali zowawa. Nthawi ya mapemphero ikakwana ankagwada pamodzi ndi anzake, koma kawirikawiri nthawi yonseyo inkatha akuthamangitsa maganizo oyendayenda, akawachotsa abweranso, akawachotsa abweranso. Anawerenga mabuku ofotokoza njira zosiyanasiyana zofikira kwa Mulungu, ndipo anaona kuti akungomusokoneza. Machimo ake akale ankamubwerera pamaso. Kwa zaka 4 ankakhulupirira ndithu kuti iye ndi wotayika, ndipo panalibe munthu amene akanamutsimikizira zina.

Chimene chinamutulutsa m'dzenje limeneli ndi chisankho chimene anachita mumtima. Anaganiza kuti iye anabwera m'nyumbamo chifukwa chokonda Mulungu, osati chifukwa chofuna kumva kukoma, choncho apitiriza kuchita zonse chifukwa chokonda Mulungu, kaya mdimawo uchoke kaya ukhale mpaka imfa. Atavomera zimenezi, mtendere umene ankausakasaka unabwera mwadzidzidzi, ndipo sunamuchokerenso. Anasiya kudziyang'anitsitsa yekha n'kuyamba kuyang'ana Mulungu.

Mlongo kapena mbale amene mukuti pemphero lanu lauma, kumbukirani kuti munthu uyu, amene lero akuwerengedwa m'maiko ambiri, anakhala zaka 10 akulimbana ndi maganizo othawathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZAKA 15 M'KHITCHINI

Akuluakulu a nyumbayo anamuika ku khitchini. Mwachibadwa Lawrence ankadana nayo ntchito yophika, koma anaigwira zaka 15. Nthawi zina anthu odya m'nyumbamo ankafika 100. Kunalibe chitofu cha magetsi, filiji kapena makina otsukira mbale. Zonse zinali za moto wa nkhuni, madzi otunga ndi mapoto akuluakulu. Malamulo a chipani chawo sankalola nyama kupatula kwa odwala, choncho zophika zinali ndiwo zamasamba, nsomba, mazira ndi zina zotero, ndipo zinkayenera kupsa pa nthawi yake belu lisanalire.

M'khitchini mmenemo ndi mmene anaphunzira chinthu chimene akudziwika nacho, chimene iye ankachitcha kudzizoloweza kukhala pamaso pa Mulungu. Njira yake inali yosavuta kuimva. Asanayambe ntchito ankauza Mulungu kuti tsopano maganizo ake akhala pa zophika, choncho amuthandize ndi kukhala naye pomwepo, ndipo alandire ntchitoyo ngati mphatso. Ali mkati mogwira ankalankhula ndi Mulungu mawu afupiafupi a mumtima, monga munthu amalankhulira ndi mnzake amene waima pambali pake. Akatha ntchito ankadzifunsa mmene wachitira. Ngati wachita bwino ankathokoza. Ngati waiwala Mulungu kapena walakwa, ankapepesa, n'kuvomera kuti payekha sangachite zoposa pamenepo pokhapokha Mulungu amugwire dzanja, ndipo akatero ankabwerera pa ntchito osadzizunzanso.

Mfundo yotsirizayi ndi imene inandithandiza ine koposa. Mdyerekezi ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wotiiwalitsa Mulungu. Wachiwiri ndi wotiuza kuti popeza taiwala kale kuyambira m'mawa, tsikulo lawonongeka, tidzayambenso Lamulungu kapena pa 1 January. Lawrence sankalola msampha wachiwiriwu. Akazindikira kuti mtima wachoka, ankaubweza nthawi yomweyo, mofatsa, ngakhale kakhumi pa ola limodzi. Poyamba zinali zovuta ndipo ankalephera kawirikawiri, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Patapita zaka zinafika poti kusaganizira Mulungu ndiko kunali kovuta kwa iye.

Amene ankamuona akugwira ntchito ananena kuti sankapupuluma ndiponso sankachita ulesi, chilichonse ankachichita pa nthawi yake ndi mtima wodekha. Ngakhale khitchini itadzaza phokoso, anthu angapo akuitanitsa zinthu zosiyana nthawi imodzi, iye ankakhala ndi mtendere womwe uja ankakhala nawo atagwada m'tchalitchi. Ankaphunzitsa kuti Mulungu sayang'ana kukula kwa ntchito koma chikondi chimene tikuigwirira, ndipo ankapereka chitsanzo cha kutembenuza dzira pa moto kapena kutola kaudzu pansi chifukwa chokonda Mulungu. Ankanenanso kuti munthu sayeretsedwa posintha ntchito, koma pochitira Mulungu ntchito zomwezo zimene masiku onse amadzichitira yekha.

ULENDO WA VINYO NDI NTCHITO YA NSAPATO

Mwendo wake unayamba kumuvuta kwambiri ndipo ankayenda motsimphina. Ngakhale zinali choncho anamutuma ku dera la Auvergne, ndipo chaka chotsatira ku Burgundy, kukagula vinyo wa nyumba yonse, pakuti ku France vinyo amamwera chakudya komanso amamugwiritsa ntchito pa Misa. Ntchito imeneyi inamulemera chifukwa za malonda sankazidziwa, ndipo m'boti lonyamula migolo sankatha kuyenda, ankachita kudzigubuduza pamwamba pa migoloyo kuti afike mbali ina. Iye anangouza Mulungu kuti ntchitoyo ndi yake ya Mulunguyo, ndipo pomaliza anapeza kuti zonse zayenda bwino.

Mwendo utafika poti sangaimenso nthawi yaitali, anamuchotsa ku khitchini n'kumuika kosoka masandasi a anzake, ngakhale kuti nthawi zina ankapitabe kukathandiza kophika. Ntchito ya nsapatoyi ankaikonda, koma ankati ndi wokonzeka kuisiya tsiku lililonse atauzidwa. Mtima wake sunamangirike pa ntchito imene ankaida kapena pa imene ankaikonda.

ANTHU AYAMBA KUMUFUNA

Mbiri ya khukhi wamtendere inayamba kumveka kunja kwa mpanda. Osauka ndi anthu wamba ankamukonda, ndipo ophunzira nawonso anayamba kubwera. Mmodzi mwa iwo anali wansembe dzina lake Joseph de Beaufort, amene anacheza naye koyamba pa 3 August 1666, n'kubweranso mu September ndi mu November chaka chomwecho, ndiponso mu November 1667. Akachoka ankalemba zimene wamva, ndipo zambiri zimene tikudziwa za Lawrence zinachokera m'zolemba zimenezi.

Pa kucheza koyambako Lawrence anauza wansembeyo mosabisa kuti ngati akufunadi kutumikira Mulungu azibwera nthawi iliyonse osaopa kuti akumusokoneza, koma ngati sichoncho asabwerenso. Tangoganizani, khukhi kuuza wansembe mawu otere. Iye sankafuna kucheza za Mulungu ngati nkhani yotayitsa nthawi. Ife timatha kukhala maola atatu tikukambirana za ulaliki wa uje ndi uje, ndani ali ndi kudzoza, ndani alibe, koma osasintha kanthu ngakhale kamodzi m'sabata yathu.

Lawrence ankalembanso makalata kwa asisteri ndi anthu ena ofuna uphungu, ndipo makalata 16 anasungidwa. M'menemo muli mankhwala a matenda athu awiri aja, maganizo obalalika ndi mphwayi.

Kwa sisteri wina amene ankadandaula kuti maganizo amamuthawa popemphera, anayankha kuti si iye yekha, ndipo asachulutse mawu chifukwa mapemphero ataliatali ndiwo amatsegulira khomo maganizo oyendayenda. Anamulangiza kuti azikhala pamaso pa Mulungu ngati wopemphetsa wosalankhula amene wakhala pa geti la munthu wolemera, ndipo maganizo akachoka awabweze mosakwiya. Anawonjezera kuti njira yogwirira maganizo nthawi ya pemphero ndiyo kusawalekerera kupita kutali nthawi zina zonse za tsiku. Mbuzi imene yakhala ikuyenda yokha tsiku lonse sivomera chingwe madzulo. Ngati foni yakhala m'manja kuyambira podzuka mpaka pogona, tisadabwe kuti mphindi 10 za pemphero zikutikanika.

Za msilikali wina wachinyamata analemba kuti azikweza mtima kwa Mulungu mwachidule ngakhale ali pa ulendo wa nkhondo lupanga lili m'manja, pakuti mapemphero afupi otere Mulungu amawalandira. Kwa mayi wina analemba kuti tikanaona ngati mwano kusiya yekha mnzathu amene wabwera kudzatichezera, nanga bwanji timasiya Mulungu yekha tsiku lonse. Kwathu mlendo sitimusiya pa mphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa osamulankhula. Chimene sitingachite kwa mlendo tikuchita kwa Ambuye.

Pa nkhani ya mphwayi anali wolimba. M'kalata ina ya mu 1682 anadandaula kuti Mulungu ali ndi chuma chosatha choti atipatse, koma ife timakhutira ndi kakukoma kochepa ka mumtima kamene kamatha msanga. Anayerekeza chisomo ndi mtsinje wodzaza umene ife tomwe timautchinga. Anachenjeza kuti m'moyo wauzimu munthu amene sakupita patsogolo ndiye kuti akubwerera m'mbuyo, ndipo anakumbutsa kuti imfa ili pafupi ndipo timafa kamodzi kokha. Koma anadzudzulanso sisteri wina wofuna kuthamanga kuposa chisomo, n'kunena kuti munthu sakhala woyera tsiku limodzi. Choncho kwa ogona ankati dzukani, ndipo kwa opupuluma ankati dekhani.

IMFA YAKE

Mwendo unamupweteka zaka zoposa 20 mpaka unachita chilonda. Chakumapeto kwa moyo wake anadwala katatu matenda aakulu. Wansembe wina wotchuka, François Fénelon, amene pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Cambrai, anapita kukamuona akudwala ndipo anachoka atalimbikitsidwa iyeyo. Pa 6 February 1691 Lawrence analemba kalata yake yomaliza, ndipo m'menemo ananena kuti akuyembekeza kuona Ambuye m'masiku ochepa. Patapita masiku awiri anagona pa bedi osadzukanso. Mnzake wina atamufunsa chimene ankachita ali chigonere, anayankha kuti akuchita chimene adzachite kwamuyaya, kutamanda Mulungu ndi kumukonda. Anamwalira Lolemba pa 12 February 1691, ali ndi zaka pafupifupi 77, atakhala m'nyumba ija zaka 50.

Wansembe Beaufort anasonkhanitsa makalata ndi zolemba zake n'kuzisindikiza mu 1692, ndipo mu 1694 anatulutsanso zimene anacheza naye zija. Zimenezi ndizo zinapanga kabuku kamene m'Chingerezi kamatchedwa The Practice of the Presence of God. Kabukuka kanamasuliridwa m'zilankhulo zambiri ndipo kamawerengedwa ndi akhristu a mipingo yosiyanasiyana. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anaika mbali ina ya kabukuka m'mabuku amene anasankhira anthu ake kuti aziwerenga. Dzina la bwana uja wosunga chuma likukumbukiridwa lero chifukwa cha wantchito wake woswa mbale.

NANGA IFE?

Wina anganene kuti Lawrence analibe mkazi, ana, lendi kapena achibale odikira ndalama kumudzi, ndipo panalibe womuchotsa ntchito. Zimenezo ndi zoona, ndipo katundu wathu ndi wosiyana ndi wake. Koma kumbukirani kuti atapita kukakhala yekha kopanda phokoso analephera, ndipo anadzapambana m'khitchini yodzaza anthu. Ambiri a ife tikudikira kuti tidzapemphere bwino tikadzapeza ntchito yopepuka, tikadzamaliza nyumba ya malata, tikadzabwerera kumudzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tanyamulapo kale maliro a anzathu amene ankati adzakonza zinthu ndi Mulungu akadzabwerera.

Pa Luka 10:38-42 timawerenga za Marita ndi Mariya. Ife antchito a m'nyumba nkhaniyi imatipweteka, chifukwa timadziwa kuti wina ayenera kuphika ndithu. Koma mukawerenga bwino muona kuti Ambuye sanadzudzule kuphikako. Anadzudzula nkhawa ndi kutekeseka kumene kunachotsa mtima wa Marita pa Mlendo amene ankamuphikira. Lawrence anali ndi manja a Marita, koma mtima anauphunzitsa kukhala pamene panakhala Mariya. Werenganinso Chivumbulutso 3:14-22 za mpingo wa ku Laodikaya. Mpingo umenewu sunakane Yesu, unangofunda, ndipo unkadziona ngati sukusowa kanthu pamene Ambuye anali panja akugogoda. Kufunda n'koopsa chifukwa sikupweteka.

Ndinene chinthu chimodzi kuti tisamvane molakwa. Kugwira ntchito chifukwa chokonda Mulungu sikutanthauza kuti tizivomera kuponderezedwa. Ngati malipiro sakubwera, ngati ofu akukulandani, nenani, ndipo gulu likuthandizeni. Sikutanthauzanso kuti tisiye kusonkhana kapena kuwerenga Baibulo poti tikupemphera potsuka mbale. Lawrence ankapezeka pa mapemphero a nyumba yawo. Chimene ankakana ndi kuganiza kuti Mulungu timamusiya m'tchalitchi belu likalira.

Ine ndinayamba motere, ndipo ndikupemphani muyese sabata ino. Ndikamavala epuloni m'mawa ndimapereka tsikulo kwa Ambuye ndi mawu ochepa, ndi kupempha kuti akhale nane m'nyumba ya eni akeyo. Ndinasankha ntchito zitatu zimene ndimachita tsiku lililonse kuti zikhale belu langa. Ndikamadikira ketulo kuwira ndimathokoza. Ndikamasita ndimapempherera mwini wa chovalacho, ngakhale amene anandilankhula moipa dzulo, kenaka ana anga mmodzimmodzi. Ndikamakolopa ndimapempha kuti Ambuye ayeretse mtima wanga. Inu a m'magalaundi, a pa geti, a m'mafamu, a m'mashopu ndi osamalira okalamba, muli ndi mabelu anu, asankheni. Usiku ndisanagone foni ndimaiika patali, n'kudzifunsa mmene tsiku layendera. Masiku ena ndimapeza kuti kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko sindinamukumbukire Ambuye ngakhale kamodzi. Kale zikatero ndinkataya mtima n'kusiya sabata yonse. Tsopano ndimapepesa n'kuyambanso pomwepo, monga ankachitira khukhi uja.

Ngati mwadziona ngati mtengo woyoyoka masamba, dziwani kuti amene anaonetsa Nicolas mtengo uja ali ndi mphamvu yomweyo lero. Pa Yohane 15 Ambuye akutiuza kuti nthambi imabala ikakhala yolumikizika ku mpesa. Kubala ndi ntchito yake, yathu ndi kubwerera kwa iye nthawi iliyonse tazindikira kuti tachoka.

MFUNDO ZOPEMPHERERA MWEZI UNO

1. Tipempherere onse amene anazilala ndipo sakuzindikira, kuti Ambuye awadzutse mwachifundo, kuyambira ife tomwe.
2. Tipempherere amene amagwira ntchito Lamulungu ndi amene amagona ku ntchito osatha kubwera ku gulu, kuti akumane ndi Mulungu pamalo pomwe alipo.
3. Tipempherere amene ali mu mdima wodziona ngati otayika, kuti asaleke kugogoda.
4. Tipempherere mabwana athu ndi mabanja awo, ndiponso ana ndi makolo athu kumudzi.

Mavesi owerenga pa gulu: Masalimo 16:8, Marko 4:18-19, Akolose 3:23-24, 1 Atesalonika 5:16-18.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mukudziwa kuti mitima yathu imathawathawa ndipo tazolowera kukhala kutali ndi Inu. Tikhululukireni. Tiphunzitseni kukukumbukirani pa sinki, pa geti, m'munda ndi m'basi, ndipo tikaiwala mutibweze msanga. Musalole kuti tikhutire ndi zochepa pamene Inu mwatikonzera zambiri. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.

Mukatha kuwerenga kapepala aka mupatseko mnzanu amene sanafike ku gulu. Ambuye akudalitseni nonse.

Ndine mlongo wanu mu utumiki wa Ambuye.